Kufufuza khalidwe la nambala yaikulu: tiyese ndi 720,720

Mukapatsidwa nambala ya madijiti 6 kapena 7 n'kufunsidwa kuti ndi yamtundu wanji, musayambe ndi kuloweza mayina a magulu a manambala. Mayinawo ndi ambirimbiri, ndipo akatswiri a masamu akupekabe ena. Ntchito yeniyeni ndi imodzi: kuiphwanya nambalayo mpaka mupeze ma prime amene anachulukitsidwa kuti ikhalepo. Mukatero, mafunso ena ambiri savutanso, chifukwa mayankho ake amakhala atagona kale m'ma prime aja.

Tiyendera 720,720. Ndi yofewa poiphwanya koma ili ndi zambiri m'kati mwake, ndipo ili ndi anansi awiri ouma mutu, 720,719 ndi 720,721, amene ationetse chochita nambala ikakana kugawika. Tengani pepala, pensulo ndi kakyuleta ya pafoni. Mawu awiri oti tigwirizane: factor ndi nambala imene imagawa inzake osasiya chotsala, monga 3 pa 12, prime ndi nambala yoposa 1 imene ma factor ake ndi 1 ndi iyo yomwe basi, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13.

1. Ilembeni bwino, muone kukula kwake

Dulani madijiti atatuatatu kuyambira kumanja, n'kuika mpatuliro: 720,720. Zikuoneka zachibwana, koma zolakwa zambiri zimabadwira pomwepa, munthu akasiya ziro mmodzi pokopera. Kudula kotereku tikugwiritsanso ntchito posachedwa.

Kuti kukula kwake mukumve m'thupi, isandutseni nthawi. Masekondi 720,720 ndi masiku 8, maola 8 ndi mphindi 12. Mphindi 720,720 ndi maola 12,012, omwe ndi masiku 500 ndi theka.

Kenako funani square root yake, nambala imene ikadzichulukitsa yokha imapereka nambala yanuyo, ngakhale mongoyerekeza. 848 × 848 = 719,104, ndipo 849 × 849 = 720,801. Yathu ili pakati pa ziwirizi. Lembani 848 pakona ya pepala. Ndiwo malire a kufufuza kwanu konse: nambala ikakhala kuti si prime, imakhala ndi factor wa prime wosapitirira square root yake. Chifukwa chake n'chosavuta. Ma factor amayenda awiriawiri, ndipo onse awiri atakhala oposa 848, kuwachulukitsa kungapereke nambala yoposa 720,720.

2. Yesani ma prime ang'onoang'ono ndi maso okha

Musanakhudze kakyuleta, madijiti enieniwo amaulula zambiri.

Za 2 ndi abale ake, yang'anani kumchira. Dijiti yomaliza ikagawika ndi 2, nambala yonse igawika ndi 2. Madijiti awiri omaliza akagawika ndi 4, yonse igawika ndi 4. Atatu omaliza ndi a 8, anayi omaliza ndi a 16. Pa 720,720 tili ndi 0, kenako 20, kenako 720, kenako 0720. 20 ÷ 4 = 5, 720 ÷ 8 = 90, 720 ÷ 16 = 45. Zonse zatheka. Za 32 tengani madijiti asanu, 20,720: kugawa ndi 32 kukupereka 647 ndi chotsala 16, ndiye apa taima. Lamuloli limagwira chifukwa 10 amagawika ndi 2, 100 ndi 4, 1,000 ndi 8, 10,000 ndi 16, choncho madijiti akumanzere alibe chonena pa nkhaniyi.

Za 5, dijiti yomaliza ikhale 0 kapena 5. Za 25, awiri omaliza akhale 00, 25, 50 kapena 75. Yathu ikuthera 20, ndiye 5 akulowamo kamodzi kokha.

Za 3 ndi 9, phatikizani madijiti onse: 7 + 2 + 0 + 7 + 2 + 0 = 18. Poti 18 amagawika ndi 9, nambala yonse igawika ndi 9, ndiponso ndi 3. Chenjerani apa: njira imeneyi imathera pa 9. Siigwira pa 27. Nambala 1,899 madijiti ake akupereka 27, koma 27 saigawa.

Tsopano 7, 11 ndi 13, amene ambiri amawathawa. Atatuwa ali ndi njira imodzi, ndipo ndiyo yondisangalatsa kuposa zonse. Chinsinsi chake ndi 1,001, chifukwa 7 × 11 × 13 = 1,001 ndendende. Tengani magulu a madijiti atatuatatu aja. Yambani ndi gulu lakumanja, chotsanipo gulu lotsatira, phatikizani lachitatu ngati lilipo, chotsani lachinayi, motero mosinthanasinthana. Yankho laling'ono limene lituluke muliyese ndi 7, 11 ndi 13. Amene waligawa, wagawanso nambala yaikulu ija.

Pa yathu ndi 720 − 720 = 0, ndipo ziro amagawika ndi chilichonse, choncho atatu onsewo alimo. Izi zili choncho pa nambala iliyonse imene madijiti ake atatu abwerezedwa: 315,315 kapena 948,948 ndi 315 × 1,001 ndi 948 × 1,001. Koma kuti musaganize kuti njirayi ndi ya manambala okongola okha, tengani 852,943. 943 − 852 = 91, ndipo 91 ndi 7 × 13. Ndiye 7 ndi 13 akuigawa, 11 ayi. Dinani pa kakyuleta: 852,943 ÷ 91 = 9,373, popanda kadontho. Njirayi imagwira chifukwa 1,000 ndi 1,001 wochotsedwa 1. Chikwi chilichonse m'nambalamo chikuperewera 1 kuti chigawike ndi atatu aja, ndiye kuchotsa gulu lakumanzere ndi kulipira ngongole ya ma 1 amenewo.

3. Iphwanyeni mpaka pansi

Yambani ndi prime wamng'ono kwambiri, mumugwiritse ntchito mpaka akane, kenako mupite kwa wotsatira. Musadumphedumphe.

720,720 ÷ 2 = 360,360
360,360 ÷ 2 = 180,180
180,180 ÷ 2 = 90,090
90,090 ÷ 2 = 45,045
45,045 ÷ 3 = 15,015
15,015 ÷ 3 = 5,005
5,005 ÷ 5 = 1,001
1,001 ÷ 7 = 143
143 ÷ 11 = 13

13 ndi prime, ndiye tafika. Werengani kuti aliyense walowa kangati, mulembe mwachidule:

720,720 = 2⁴ × 3² × 5 × 7 × 11 × 13

Kanambala kapamwambako ndi pawa, kokuuzani kuti prime uja wabwerezedwa kangati. Pamene palibe kanthu, pawa ndi 1. Chulukitsani mobwerera kuti mutsimikize: 16 × 9 = 144, × 5 = 720, × 1,001 = 720,720. Musapitirire musanachite zimenezi, chifukwa cholakwa chapano chilowa m'mayankho onse akutsogolo.

Wina akadayamba ndi 13, wina ndi 720 × 1,001, onse akadafika pa mzere womwewu. Nambala iliyonse yoposa 1 ili ndi kaphwanyidwe kamodzi kokha. Mizu ya mfundoyi ili m'zolemba za Euclid, amene ankaphunzitsa ku Alexandria cha m'ma 300 BC, ndipo Carl Friedrich Gauss anaitsimikizira mokwanira mu 1801. Mzere umenewu ndiwo chiphaso cha nambala yathu. Yankho loyamba lapezeka kale: si prime, ndi composite, yomangidwa ndi ma prime 6 osiyana, kapena 10 tikawerengera obwerezedwa.

4. Werengani ma factor osawalemba onse

Mutati mulembe ma factor a 720,720 limodzi ndi limodzi, tsamba lidzaza ndipo ena muwaiwala ndithu. Njira yake ndi iyi: pa pawa aliyense wonjezerani 1, mayankhowo muwachulukitse. Mapawa athu ndi 4, 2, 1, 1, 1, 1. Ndiye

5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 = 240.

Ma factor ndi 240, kuphatikizapo 1 ndi 720,720 yomwe.

N'chifukwa chiyani tikuwonjezera 1? Factor aliyense amamangidwa ndi ma prime omwewa, osapitirira amene alipo. Pomanga factor mutha kutenga ma 2 anayi, atatu, awiri, mmodzi, kapena osatenga n'komwe. Njira zisanu zimenezo, ndipo kusatengako ndiye 1 wowonjezera uja. Ma 3 mutha kutenga awiri, mmodzi kapena ayi: njira zitatu. 5, 7, 11 ndi 13 aliyense ndi kutenga kapena kusiya. Yesani pa nambala imene mukuidziwa bwino: 12 = 2² × 3, ndiye 3 × 2 = 6, ndipo ma factor a 12 ndi 1, 2, 3, 4, 6, 12. Alipodi 6.

Ganizo lomweli likupatsani zina mwaulere. Ma factor osagawika ndi 2 ndi amene simunatengemo 2 aliyense: 3 × 2 × 2 × 2 × 2 = 48. Otsala 192 ndi ogawika ndi 2. Ndipo poti ma factor amayenda awiriawiri, pali njira 120 zolembera 720,720 ngati nambala ina kuchulukitsa inzake, kuyambira 1 × 720,720 mpaka awiri oyandikana kwambiri, 840 × 858. Kuti muwapeze awiriwa, bwererani kwa 848 uja muzitsika. 848 ali ndi 53 m'kati, 847 akufuna ma 11 awiri pamene tili ndi mmodzi, 846 ali ndi 47, 845 akufuna ma 13 awiri, ndipo 844, 843, 842 ndi 841 onse ali ndi ma prime achilendo. Woyamba kulola ndi 840.

Ma factor 48 aja ali ndi ntchito inanso. Kuchuluka kwa ma factor osagawika ndi 2, kuchotsapo 1, ndiko kuchuluka kwa njira zolembera nambala ngati manambala otsatizana ophatikizidwa. Yathu ili nazo 47. Yachidule kwambiri ndi 240,239 + 240,240 + 240,241.

5. Funsani ngati 240 ndi ambiri

Nambala payokha siikuuzani ngati ma factor ake ndi ambiri kapena ochepa, mpaka muiyerekeze ndi ina. 1,000,000 ndi yaikulu kuposa yathu, koma ndi 2⁶ × 5⁶, ndiye ma factor ake ndi 7 × 7 = 49 okha. Maziro ambiri asakunyengeni.

Nambala imene ili ndi ma factor ambiri kuposa nambala iliyonse yochepa kwa iyo imatchedwa highly composite. Dzinali linachokera kwa Srinivasa Ramanujan, katswiri wa ku India amene anasindikiza kafukufuku wake wa manambala amenewa mu 1915, ali ku Cambridge komwe ankagwira ntchito ndi G. H. Hardy. Mndandanda wake umayamba ndi 1, 2, 4, 6, 12, 24, 36, 48, 60, 120, 180, 240, 360. Muzindikiramo ena odziwika: miyezi 12, maola 24, mphindi 60, madigiri 360. Mulinso 5,040, imene Plato wa ku Athens ankati ndiyo ikhale chiwerengero cha mabanja a mzinda wabwino, poti imagawika ndi manambala onse kuyambira 1 mpaka 10.

Ramanujan anapereka zizindikiro zimene mungayese pa mzere wanu wa ma prime. Ma prime ayambe ndi 2 ndipo asadumphe aliyense. Mapawa asamakwere popita kumanja. Pawa womaliza akhale 1, kupatula pa 4 ndi 36. Nambala 1,000,000 ikugwa pa chizindikiro choyamba chomwe, chifukwa yadumpha 3. Yathu ikudutsa zonse: 2, 3, 5, 7, 11, 13 motsatana, mapawa 4, 2, 1, 1, 1, 1.

Komabe kudutsa zizindikirozi sikutanthauza kuti nambala yalowa m'gululi. Zimangothandiza kuchotsa osayenera. Onani 831,600 = 2⁴ × 3³ × 5² × 7 × 11. Ikudutsa zonse, ili ndi ma factor 240, koma siiwerengedwa, chifukwa 720,720 inafika kale pa 240 ili yaing'ono. Kufanana sikokwanira, pamafunika kuposa. Kuti mutsimikize, muyenera kuyesa mapawa ena onse amene angapereke nambala yochepa kwa yanu. Zotsatira zake n'zodziwika: wopambana wa m'mbuyo mwa 720,720 ndi 665,280 wa ma factor 224, ndipo woipambana woyamba ndi 1,081,080 wa ma factor 256. Pansi pa miliyoni palibe nambala yoposa ma factor 240. Ofika pa 240 alipo asanu: 720,720, 831,600, 942,480, 982,800 ndi 997,920.

Pali chifukwa china chimene nambalayi imatulukiratulukira m'masamu. Ndi LCM ya manambala onse kuyambira 1 mpaka 16, kutanthauza nambala yaing'ono kwambiri imene onsewo amaigawa. Mutha kuimanga nokha: prime aliyense mumuchulukitse ndi iye yekha mpaka pamene sangapitirire 16, mupeza 16, 9, 5, 7, 11 ndi 13, kenako awa muwachulukitse. Gulu la banki m'khonde litakhala ndi K720,720 m'bokosi, lingagawane mofanana kaya mamembala ndi 7, aliyense K102,960, kaya ndi 11, K65,520, kaya 13, K55,440, kaya 16, K45,045, osatsala ngakhale kwacha imodzi. Mkangano ungayambe pa membala wa 17: aliyense K42,395, ndipo K5 yatsala pamphasa. Kuti 17 naye alowe, nambala iyenera kukula kufika pa 12,252,240. Mukamaphatikiza ma fraction, phindu lake ndi lomweli. 1 + 1/2 + 1/3 mpaka 1/16 amafuna nambala yapansi imodzi, ndipo yankho ndi 2,436,559/720,720.

6. Phatikizani ma factor onse

Apanso simufunika kuwalemba onse 240. Pa prime aliyense phatikizani 1, prime yemweyo, ndi zimene amapereka akadzichulukitsa mpaka pa pawa wake, kenako muchulukitse mayankho.

Wa 2: 1 + 2 + 4 + 8 + 16 = 31
Wa 3: 1 + 3 + 9 = 13
Wa 5: 1 + 5 = 6
Wa 7: 8, wa 11: 12, wa 13: 14

31 × 13 × 6 × 8 × 12 × 14 = 3,249,792.

Ngati mukukayika, yesaninso pa 12: 1 + 2 + 4 = 7, 1 + 3 = 4, 7 × 4 = 28, ndipo 1 + 2 + 3 + 4 + 6 + 12 ndi 28 yemweyo.

Tsopano chotsanipo nambala yeniyeniyo: 3,249,792 − 720,720 = 2,529,072. Yerekezani yankholi ndi nambala yanu. Likachepa, nambalayo ndi deficient, yoperewera. Likaposa, ndi abundant, yosefukira. Likafanana ndendende, ndi perfect. Magulu atatuwa anawafotokoza Nicomachus wa ku Gerasa cha m'ma 100 AD. Yathu ndi abundant, ndipo osati pang'ono: ma factor ake ena onse akuiposa katatu ndi theka.

Ma perfect musawayembekezere. Pansi pa miliyoni alipo anayi okha, 6, 28, 496 ndi 8,128, ndipo wachisanu ndi 33,550,336. Nambala ya madijiti 5, 6 kapena 7 ikakutulukirani kuti ndi perfect, bwererani mukaone pamene mwaphonya.

Mukagawa 3,249,792 ndi 720,720 mupeza pafupifupi 4.509. Palibe nambala yochepa kwa yathu imene imafika pamenepo, ndipo yotere imatchedwa superabundant, dzina limene Leonidas Alaoglu ndi Paul Erdős anapereka mu 1944.

Pa mzere womwewu mutha kuwerenganso manambala osapitirira 720,720 amene alibe chibale chilichonse ndi iyo, amene HCF yawo ndi iyo (factor wamkulu kwambiri wogawa onse awiri) ndi 1. Iyi ndi totient ya Leonhard Euler. Tengani nambalayo muichulukitse ndi 1/2, 2/3, 4/5, 6/7, 10/11 ndi 12/13, prime aliyense kamodzi mosayang'ana pawa. Yankho ndi 138,240, pafupifupi nambala imodzi pa zisanu zilizonse.

7. Mafunso ofulumira

Awa satenga nthawi. Nambala imakhala sikweya, monga 49 = 7 × 7, mapawa ake onse akamagawika ndi 2. Athu ali ndi ma 1, ndiye ayi. Tinaziona kale pamene inagwera pakati pa 848 × 848 ndi 849 × 849. Chizindikiro china: sikweya yokha ndiyo imakhala ndi ma factor a chiwerengero chosagawika ndi 2, monga 49 a miliyoni aja, chifukwa factor wapakati alibe mnzake, amadzichulukitsa yekha. Cube, monga 27 = 3 × 3 × 3, imafuna mapawa ogawika ndi 3, ndipo yathu ili pakati pa 89³ = 704,969 ndi 90³ = 729,000.

Za triangular, manambala opezeka pophatikiza 1 + 2 + 3 ndi kupitirira, chulukitsani nambala yanu ndi 8, wonjezerani 1, muone ngati yankho ndi sikweya. Tikupeza 5,765,761, pamene 2,401 × 2,401 = 5,764,801 ndipo wotsatira wadutsa kale. Yaphonya pafupi: kuphatikiza 1 mpaka 1,200 kumapereka 720,600.

Kodi ingalembedwe ngati masikweya awiri ophatikizidwa, monga 25 = 9 + 16? Yang'anani ma prime amene amasiya chotsala 3 akagawidwa ndi 4. Pa athu ndi 3, 7 ndi 11. Aliyense wa iwo ayenera kukhala ndi pawa wogawika ndi 2. 3² ali bwino, koma 7 ndi 11 ali ndi pawa 1, ndiye n'zosatheka, ndipo simunafunike kuyesa masikweya 848.

Pali gulu lina limene limadalira madijiti, osati ma prime. Nambala yogawika ndi zimene madijiti ake akupereka akaphatikizidwa imatchedwa Harshad, dzina lochokera kwa D. R. Kaprekar, mphunzitsi wa ku India. 720,720 ÷ 18 = 40,040, ndiye ilimo. Magulu otere ine ndimawaona ngati masewera chabe, chifukwa amasintha mukangosintha kalembedwe. Mu binary, kalembedwe ka kompyuta, nambala yathu ndi 10101111111101010000, madijiti 20, ndipo kubwereza kokongola kwa 720 kwazimiririka. Chokhacho chimene chatsala choonekera ndi maziro anayi kumapeto, omwe ndi 2⁴ uja.

8. Nambala ikakana kugawika

Si nambala iliyonse imene ingakumvereni ngati iyi. Wonjezerani 1, mukhale ndi 720,721. Musataye nthawi ndi 2, 3, 5, 7, 11 kapena 13: onsewa amagawa 720,720, ndiye pa mnansi wake asiya chotsala 1. Ambiri akafika apa amalengeza kuti ndi prime. Musafulumire. Malire anu ndi 848 aja, ndipo ma prime osapitirira pamenepo alipo 146. Mwayesa 6 okha.

Mukufunika mndandanda wa ma prime. Njira yake ndi sefa ya Eratosthenes, wa ku Cyrene m'dziko limene lero ndi Libya, amene ankayang'anira laibulale ya ku Alexandria. Lembani manambala kuyambira 2. Siyani 2, dulani onse ogawika ndi 2. Siyani 3, dulani onse ogawika ndi 3. Pitani kwa wosadulidwa wotsatira, chitani chimodzimodzi. Pa mndandanda wofika 848 mulekera pa 29, chifukwa 31 × 31 wadutsa kale. Osadulidwa ndiwo ma prime.

Tsopano gawani motsatana: 17, 19, 23, 29, 31, 37, 41, 43, 47, 53, 59, 61, 67. Onse akukana. Wa nambala 14 pa mzerewu, 71, akulola: 720,721 = 71 × 10,151. Apa ntchito yachepa kawiri. Choyamba, malire atsika, poti 101 × 101 = 10,201 waposa 10,151. Chachiwiri, ma prime amene anakana kale sangalolenso, ndiye musabwerere kwa 17. Yambirani pa 71 pomwepo: 71, 73, 79, 83, 89, 97. Onse akukana, choncho 10,151 ndi prime. Nambala yomangidwa ndi ma prime awiri okha imatchedwa semiprime. Ma factor ake ndi anayi, ndipo 1 + 71 + 10,151 = 10,223, deficient yotheratu, khomo limodzi ndi ya ma factor 240.

Kutsimikiza kuchulukitsa popanda kakyuleta, phatikizani madijiti mpaka itsale imodzi. 71 akupereka 8, 10,151 akupereka 8, 8 × 8 = 64, 6 + 4 = 10, kenako 1. Ndipo 720,721 akupereka 19, kenako 10, kenako 1. Zagwirizana. Zikasiyana, mwalakwitsa ndithu. Zikafanana, mwina mwakhoza, koma njirayi siigwira madijiti osinthanitsidwa malo.

Mnansi wakumunsi, 720,719, amagonja msanga. 17, 19, 23 ndi 29 akukana, 31 akupereka 23,249. Pitirizani kuyambira 31 mpaka 67, amene akupereka 347. Poti 67 × 67 ndi woposa 347 kutali, simufunikanso kuyesa: 347 ndi prime. Ndiye 720,719 = 31 × 67 × 347, ma prime atatu osiyana, gulu lotchedwa sphenic, ma factor 8.

Izi zikutipatsa chinthu china. 720,722 amagawika ndi 2, 720,723 ndi 3, motero mpaka 720,736 amene amagawika ndi 16. Kumunsi n'chimodzimodzi mpaka 720,704. Poti anansi awiri aja nawonso si ma prime, tili ndi manambala 33 otsatizana, kuyambira 720,704 mpaka 720,736, opanda prime ngakhale mmodzi.

Nambala ikamakula, samalani ndi chipangizo chanu. Kakyuleta imaonetsa madijiti owerengeka ndipo imatha kubisa chotsala chaching'ono, yankho n'kuoneka ngati lathunthu. Microsoft Excel imasunga madijiti 15 okha, otsatirawo imawasandutsa maziro. Mukapeza factor, chulukitsani mobwerera muone ngati madijiti omaliza akugwirizana.

Dziwaninso pamene njira yoyesa prime mmodzimmodzi imathera. Pa madijiti 6 ndi ntchito ya madzulo amodzi. Pierre de Fermat ankakhulupirira kuti 4,294,967,297 ndi prime, mpaka Euler anaonetsa mu 1732 kuti ndi 641 × 6,700,417. Mu 1903 Frank Nelson Cole anaphwanya 2⁶⁷ − 1, nambala ya madijiti 21, kukhala 193,707,721 × 761,838,257,287, atalimbana nayo zaka. Kuvuta kumeneku ndiko maziko a RSA, njira yobisira uthenga pa intaneti imene Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman anatulutsa mu 1977: amatenga ma prime awiri a madijiti mazanamazana n'kuwachulukitsa, kupanga semiprime ngati 720,721 koma yoti ngakhale makompyuta amphamvu sangaiphwanye m'nthawi ya moyo wa munthu. Pa manambala a madijiti oposa 12, siyani pepala. Pulogalamu yaulere ya PARI/GP, kapena lamulo la factor pa kompyuta ya Linux, zimaphwanya nambala ya madijiti 20 musanaphethire, ndipo mzere wa ma prime ukatuluka, mubwerere ku gawo 4 mupitirize ndi pensulo.